Kabowo ka pa Chitsekero cha Thanki

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene abambo anga anabwera ndi njinga yamoto yakufa itakwezedwa pa ngolo. Anaipeza kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito ku Guilleme, komwe inakhalitsa pakhonde nkhuku zikugonapo. Abambo anali mkamwini m'mudzi mwa amayi ku Chiosya. Mkamwini amalima, amabereka, koma pabwalo mawu ake salemera. Iwo ankafuna chinthu chimodzi chokha choti anthu aziloza n'kunena kuti ichi n'chawo.

Chilimwe chonse chinathera pa injini. Anaiphwasula pamphasa, natsuka kachitsulo kalikonse m'beseni la amayi, nasintha maling'i a pisitoni ndi pulagi. Pomaliza anapaka thanki penti wobiriwira wokhuthala, mpaka chitsekero chomwe. Tsiku limene mthuthuthu unalira koyamba mudzi wonse unatuluka, ndipo ine ndinakwezedwa kumbuyo ndikudzimva ngati mwana wa bwana.

Chimwemwecho sichinapite patali. Tikangodutsa dimba la kumapeto kwa mudzi, njinga inkayamba kutsokomola, n'kufooka, kenaka zii. Abambo ankatsika, n'kutsegula thanki, n'kusuzumira: petulo ali tho! Akatseka n'kuponda, inkaliranso bwinobwino, n'kukafera patsogolo pang'ono. Anamasula kabuleta, chitsulo chosakaniza petulo ndi mpweya, kangapo konse, nauzira timabowo take ndi pampu ya njinga yakapalasa. Anasintha kapaipi kotsitsa petulo. Anasefa petuloyo pansalu. Palibe chinasintha, kupatula kuti anthu anapeza choseka. Ankafuula tikamakankha kuti, "Akamwini, bulu wanuyo akufuna msipu!"

Petulo ankasowa masiku amenewo. Wathu ankachokera kwa amalume a Lufeyo, mlongo wawo wa amayi, amene ankabwera naye kuchokera ku Zambia kudzera m'tinjira ta m'tchire, zigubu zitabisidwa m'matumba a mtedza. Aliyense ankadziwa, ndipo palibe ankanena. Ine amalumewa ndinkawakonda kwambiri. Ndinatenga dzina la malemu agogo, Estere, amene anali amayi awo, choncho iwo ankanditchula kuti "amayi", ndipo akandiona ankavula chipewa n'kuwomba m'manja mwanthabwala.

Tsiku lina la msika njinga inazima pakati penipeni pa anthu. Kuseka kwake! Amalume anali pakhonde la sitolo, nawonso mano ali pamtunda.

"Alamu," anatero, "kapatseni osula mbaula chitsulochi, mwina tingaotheko moto."

Ndinali nditagwira malaya a abambo, ndipo ndinamva msana wawo ukuuma.

"Mukuseka chiyani, alamu? Si petulo wanu wa ku Zambia yemweyu? Mumathira madzi m'zigubu zanu zija mumabisa m'mtedza!"

Anyamata ovala malaya ofiira, amene ankaona makadi a chipani polowera mumsika, anatembenuka. Amalume anangondiyang'ana ine, n'kutsitsa chipewa kumaso.

Anadzawatenga amalume m'mawa mwake. Pofika madzulo nkhani sinalinso ya petulo ayi. Zinkamveka kuti munthu wodumpha malire mobisa amaonananso ndi adani a boma othawira kunja, ndipo m'zaka zimenezo mlandu wotero sunkafika kukhoti.

Abambo anaumirabe kuti ananena zoona. Anataya petulo yense wa amalume pansi, nakapeza wina ku Boma, pa malo omwetsera galimoto, atafola pamzere tsiku lonse. Tinanyamukanso. Titangodutsa dimba lomwe lija, njinga inatsokomola n'kuzima.

Tsiku limenelo panalibe woseka, panalibenso ana otithamangira. Panali bata, moti abambo potsegula chitsekero tonse tinamva thanki ikukoka mpweya: fyuu! Abambo anatembenuza chitsekerocho m'manja, nakanda penti ndi chikhadabo. Pansi pa pentiyo panali kabowo kakang'ono ngati diso la singano. Kabowoko ndi kolowetsa mpweya m'thanki, ndipo kakatsekeka petulo satsika. N'chifukwa chake njinga inkadzuka nthawi iliyonse akatsegula kuti asuzumire. Anakatseka okha ndi penti wawo.

Tinaikankha mpaka kunyumba.

"Amake Estere, tandibwerekani singano."

Amayi anawapatsa, naima pomwepo manja ali m'chiuno. Abambo anabaya kamodzi, kachidutswa ka penti kanagwa.

"Basi?" anafunsa amayi.

"Basi."

"Mlongo wanga wapita chifukwa cha kameneka?"

Abambo anabweza singano ija kwa amayi.

Tsiku lotsatira njinga inatifikitsa ku Boma osatsokomola ngakhale kamodzi, ine nditafungatira bulangeti ndi mtedza wokazinga wa amalume. Ndinadana nako kulira kwake kosalala kuja, ndipo mpaka lero sindinasiye. Kumene ankasunga anthu ogwidwa anatiuza kuti munthu wathu anasamutsidwa, ndipo ngati timadzikonda tisadzafunsenso.

Amalume anabwerera ine nditatha msinkhu, mano akutsogolo atatha, khutu limodzi litagontha. Sananditchulenso "amayi", ankangondidutsa ngati mlendo. Abambo anali atachoka kalekale pamudzi, pakuti mbumba sikanasunga mkamwini amene anapereka mwini wake. Njinga anapita nayo, ndipo ndimamva kuti inayenda zaka zambiri popanda vuto.

Lero ndine wamkulu kuposa mmene abambo analili nthawi ija, ndipo ndikudziwa kuti sanali munthu woipa. Anali munthu wonyozeka amene manyazi anamukulira, nafuna wina woti amusenzetse. Anafufuza kabuleta, paipi ndi petulo wa mnzawo, koma pamene dzanja lawo linapaka penti sanayang'anepo. Chinthu chikandikanika, ndimayamba ndafunsa kuti ine ndagwira pati, pakamwa ndisanatsegule. Kuwamvetsa ndawamvetsa, koma kukhululuka kwandivuta, pakuti madzi akatayika saoleka. Singano ija amayi anaisomeka pa tsindwi la khonde, ndipo sanasokerenso kanthu mpaka inachita dzimbiri.