Mapapo a Ana a Dainess

Dainess wa ku Likoswe anakwatiwa ndi msuweni wake Greyson, mwana wa amalume ake, mu 1996. Palibe anadabwa. Kwathu kuno ukwati wapachisuweni timautama, ati munthu womudziwa chiyambire akuyenda chinochino. Ndipo awiriwa ankakondana mochititsa manyazi, kupalira nandolo mzere umodzi ngati munda wachepa.

Mwana woyamba anabadwa miyezi itakwana, wonenepa bwino. Analira kamodzi kokha, kenako kachifuwa kanayamba kulowa m'kati, milomo kuda. Dzuwa lisanafike paliwombo anali atapita. Amayi okhaokha ndiwo anakamuika, poti ndi mtayo, ndipo anamuletsa Dainess kulira mokweza kuti angatseke mimba. Wachiwiri anafera kuchipatala cha mishoni mu 1999, chimodzimodzi.

Apa ndiye anthu amandinyansa. Aliyense anasanduka sing'anga. Ati ndi tsempho, Greyson ankayenda panja mkazi ali ndi pakati. Ankhoswe anakhala pansi kawiri konse, kumuumiriza aulule chibwenzi chimene analibe.

Dokotala wina wachikulire ndiye anawaitana onse awiri, n'kujambula kamtengo papepala.

"Mapapo amayamba ngati kamphukira mimba ili ndi mwezi umodzi, kenako amachita nthambi," anatero. "Malangizo a kakulidwe kake mwana amatengera kwa bambo ndi mayi. Inu nonse muli ndi kavuto kamodzi kobisika, poti magazi anu ndi amodzi. Mwana akatengera mbali zonse ziwiri, nthambi zija zimalekera panjira. Palibe wachimwa."

"Nanga wachitatu?" anafunsa Dainess.

"Akhoza kupulumuka, mayi. Koma sindingakulonjezeni."

Greyson ankafuna ayesenso. Dainess anapukusa mutu. "Asuweni, manda awiri andikwana. Pitani mukabereke kwina." Anamuchapira zovala, kusita, kulongedza yekha m'chikwama, n'kumuperekeza mpaka pamsewu. Ndinawaona ndi maso angawa, ndipo mpaka lero zimandipweteka.

Greyson anakwatira ku Mbombwe. Dainess anakana amuna onse, n'kumangolima tomato wake. Koma ukwati utatha usuweni unatsala. Pamaliro a amalume aja mu 2004, mkazi watsopano wa Greyson, wosaganiza n'komwe, anapatsa Dainess khanda lake kuti amugwirire iye akuphika. Dainess anakakhala nalo kuseri kwa nkhokwe, khutu ataliika pakachifuwa, kumvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka. Nthawi yopita kumanda itakwana tinamuitana katatu, sanamve.