Nkhoswe ya Aurimas Inabwera ndi Laptop

Anzanga, mwakhala mukundifunsa kuti mzungu wamtali uja ali kuti. Khalani pansi ndikuuzeni.

Ine ndimasamalira okalamba ku Mississauga, ku Canada kuno. Mu June kunabwera timu ya basketball kudzacheza nawo. Mmodzi wa osewerawo anawomba mutu pamwamba pa chitseko, phu! Ndinathamanga ndi ice pack, koma kuti ndifike pachipumi pake ndinachita kukwera pampando.

"Aurimas, from Lithuania," anatero. "Usatsike. Ndi kale munthu anandiyang'ana m'maso."

Basi anzanga, Tiyanjane wanu anathera pomwepo.

Mpira unamuyendetsa munthuyu. Anayambira ku Kaunas kwawo, kenako Poland, Spain, Cyprus... matimu asanu ndi awiri, bondo lochita kusokedwa. Kuno anabwera kudzasewera league ya summer.

"Ndatopa kukhala m'sutikesi," ankatero. "Season ikatha ndikhala konkuno, ndiziphunzitsa ana."

Ndinayamba kupita ku ma game, nthawi zina nkumawombera m'manja timu yolakwika. Anandiphikira supu yakwawo, yozizira, ya pinki ngati mankhwala a m'mimba. Ndinameza ndikumwetulira. Chikondi ndi matenda ndithu.

Mu August anandifunsira ukwati.

"Kwathu sizitha ndi mphete," ndinamuuza. "Ukaonekere kwa amalume anga a Douglas ku Etobicoke. Ubwere ndi nkhoswe, munthu wokuyankhulira pa nkhani zikuluzikulu, wokudziwa bwino."

"Ndili naye," anayankha mosangalala.

Loweruka masana amalume anavala suti, akazi awo a Mathilda atadzaza tebulo. Aurimas analowa chowerama, pambuyo pake kamunthu kakafupi konyamula laptop. Dzina lake Eric, agent wake womupezera matimu.

"Awa ndi abale?" amalume anandinong'oneza.

"Ndi agent, amalume."

"Chabwino. Ku Canada kuno tidya zimene zilipo."

Amalume akhala kuno zaka makumi awiri, koma anati mwambo suyenda m'Chingerezi, ndiye ine ndinasanduka womasulira.

"Tamva kuti tambala wanu waona msoti m'khola mwathu," anayamba motero. "Tambalayo ndi wotani?"

Eric anatsegula laptop. Kutalika mamita awiri ndi kanthu. Bondo linapola. Sasuta. Ma rebound asanu ndi anayi pa game.

"Rebound ndiye chiyani?"

"Anzake akaphonya, iye amatola mpirawo," ndinatero.

"Ndiye kuti ndi wosamala katundu. Pitirizani."

Ndinali kuseka mumtima, mpaka amalume anafunsa funso la nkhoswe aliyense.

"Nanga akakwatirana, mwana wathuyu azikakhala kuti?"

Eric anayang'ana pa laptop. "He's here till September third. Then Japan, two years. We signed in July."

July, anzanga. Kutatsala milungu itatu kuti andifunsire.

Zimenezo sindinamasulire, ndipo palibe anandipempha.

"Tiya, ndimafuna ndikuuze," Aurimas anatero, makutu ali psuu. "Timu imeneyi ndi yomaliza."

"He said that in Cyprus too," Eric anawonjezera, osadziwa nkomwe kuti akuzimitsa moto ndi petulo.

"Tikiti ndi zingati?" ndinamufunsa Eric ndekha.

"One."

A Mathilda anayamba kuvundikira mbale mwakachetechete. Amalume anaimirira nkumugwira chanza Eric ndi manja awiri.

"Bambo, ndakhalapo pa zinkhoswe zambiri. Nkhoswe yosanama ndaiona lero."

Anawaperekeza mpaka pa elevator, chifukwa ulemu sawusiya ngakhale atakwiya. Ine ndinadzitsekera ku bafa nkulira mpaka ma eyelash anagwera mu sinki.

Pano amanditumizira ma message kuchokera ku Japan, ati wagoletsa zingati, ati wandisowa. Sindiyankha.

Anzanga, chimandipweteka si Japan ayi. Akanangondifunsa, ine ndikanasiya ntchito, ndikanalongedza, timitengo todyera ta ku Japan tija ndikanaphunzira. Ndinkamukonda zenizeni munthu uja. Koma anandigwadira ali ndi tikiti imodzi m'thumba.