Adokotala Olephera Kuvina Tchopa

Pachipatala chathu chaching'ono m'munsi mwa phiri la Michesi pali adokotala achikulire amene mawu oti "akunamizira" safuna kuwamva n'komwe. Munthu akabwera ndi mwendo wokana kuyenda kapena dzanja lonjenjemera, n'kumuyeza osapeza chovuta, iwo samubweza ndi panado. Amakonda kunena kuti, "Njinga ikaguluka tcheni matayala amakhala abwinobwino, koma siyenda. Ndiye tizinena kuti njingayo ikunama?"

Chaka cha mavoti achiwiri chija a Nickson anabwera ndi akazi awo, a Eneless, panjinga. Kwa miyezi itatu mwendo wakumanzere wa mayiwo sunkaponda pansi, ndipo kumudzi anali atayamba kale kulozana zala za ufiti. Adokotala atawayeza anawauza mosabisa kuti mitsempha ili bwino, kungoti mwendo wasiya kumvana ndi mutu. Kenako anayamba kuvina tchopa pomwepo, monyansa zedi.

"Bambo, sitiponda choncho ayi," anatero a Eneless akuseka.

"Nanga mumaponda bwanji, mayi?"

Mayiwo anawaonetsa ali chikhalire, ndipo mwendo uja unagunda simenti kawiri.

"Mwauona? Uli moyo," anatero adokotala. "Muzibwera Lachiwiri lililonse kudzandiphunzitsa."

Anabweradi kwa miyezi iwiri, poyamba panjinga, kenako ndi ndodo, pomaliza wapansi. Koma pa kavinidwe adokotala sanatolepo kanthu.

Mwezi watha ndinawaona adokotalawo paukwati ku Jenala. Ng'oma zitalira, anthu anapatuka kuwasiyira bwalo. Bambo amenewa tchopa ndi kudya kwawo.