Ululu Unasamukira Kumanzere

Fakitale yathu itatsekedwa, ndinapeza ganyu kusukulu ya madokotala, yonamizira kudwala kuti ophunzira aziyesererapo. Adokotala ophunzitsa anandilangiza kuti ululu ukhale kumanja kwa mimba, usasunthe.

Tsiku la mayeso kunalowa Tisa, mwana wa aneba athu ku Mtendere. Anadina kumanzere. Ndinamumvera chisoni, basi ndinakuwa ngati mbuzi yomangidwa.

Adokotala anavula magalasi. "Ba Tembo, matenda yasamuka liti?"

"Yamayendayenda, ba dokota," ndinatero, maso ali kudenga.

Chifundo changacho chinamubwerezetsa mayeso mwana wa eni.

Lero Tisa ndi dokotala pakiliniki yathu. Ndikalowa amayamba kuseka: "Ba Tembo, lelo ni mbali iti?"

Ndimaloza mosamala kwambiri.