Bayisikopo Yopanda Mawu

Amuna anga anagwa Lachiwiri m'mawa akuthirira masamba kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Ingezi. Ndinawapeza atagona chammbali pakati pa mizere ya repu, paipi ikuwathira madzi kumapazi. Kuchipatala ku Kadoma anati ndi sitiroko. Atatuluka, dzanja lamanja linali lende, mwendo akuchita kuukoka, koma chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti mawu anawathera. Awa ndi bambo amene ankacheza ngakhale ndi nkhuku, kuzifunsa chifukwa chake sizikuikira. Tsopano akafuna madzi ankangoloza.

Mayi wina wa kuchipatalako, amene amaphunzitsa odwala kuyendanso, anandikokera pambali tsiku lotuluka. Anati mawuwo sanafe, angotsekeredwa mkati, ndipo miyezi yoyambirira ndiyo yofunika, chifukwa munthu akazolowera kukhala chete zimavuta. Anati ndisamawayankhulire, koma ndiwapatse chifukwa choti ayankhule okha. Ine sukulu ndinalekeza giredi seveni, koma zimenezi ndinazimva bwino, ndipo ndinauza Mulungu kuti bambo awa sakhala osayankhula ine ndili moyo.

Ndinayamba monga mmene aliyense angayambire. Ndinkanyamula kapu n'kufunsa kuti ichi n'chiyani, kenako supuni, kenako chipewa chawo. Tsiku lachitatu anatembenukira kukhoma. Ndinazindikira kuti ndawachititsa manyazi. Munthu amene anagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka imvi safunsidwa dzina la supuni ngati mwana wa giredi wani.

Mwana wathu woyamba, wamkazi, amakhala ku Chegutu ndipo amabwera pa kombi Loweruka lililonse. Ife timamuyankhula Chichewa, iye amayankha Chishona, basi tinazolowerana choncho. Iyeyu ndiye anabweretsa kafulashi kodzaza mafilimu atsopano kuti bambo ake asasungulumwe. Magetsi kuno masana sapezeka kawirikawiri, koma tili ndi sola padenga, ndiye ikakwana thuu koloko batire itadzaza tinkawakhazika pa sofa n'kuyatsa TV.

Sindinganyoze mafilimu a masiku ano, ayi. Chithunzi chake n'choyera mpaka umaona thukuta pamphuno pa munthu. Nyumba ikamagwa umachita kubweza mapazi. Koma a nkhondo ndi a ndewu aja kamera yake siikhazikika, usanadziwe kuti wamenya ndani, ena atatu afa kale, ndipo zambiri zimachitikira mumdima ngati kwawonso magetsi anazima. Amuna anga ankangotseka maso. Achikondi aja ndi ine amene ndinkadziphimba kumaso ndi chitenje, mwana ali pomwepo. Amene ndinawakonda ndi a nkhani za m'mabanja, a ku Nigeria ndi ena opangidwa konkuno, momwe muli apongozi ovuta ndi azimayi opemphera ngati ife. Ndinapsereza ndiwo kawiri chifukwa cha amenewo. Koma anthu ake amayankhula osapuma, wina asanamalize wina wayamba, ndiye munthu wopanda mawu amangokhala ngati mlendo pamlandu wa eni ake.

Mwezi unatha bambo ali chete. Tsiku lina ndikuwasisita dzanja lodwala lija, ndinakumbukira kumene ndinawaonera koyamba.

Ndinakulira m'komboni ya mgodi cha ku Gadzema. Makolo anga, ngati makolo a amuna anga, anachokera ku Nyasalande. Loweruka dzuwa likamalowa kunkabwera galimoto ya bayisikopo, n'kukoloweka chinsalu choyera pakhoma la holo. Chimkuzamawu chake chinali chokalamba, chinkangolira ngati chule, masiku ena osalira n'komwe, komanso Chingerezi chakecho ndani akanachimva? Ndiye panali mnyamata wina wamtali amene ankakhala pa mgolo wovundikira, n'kumayankhulira anthu onse a mufilimumo. Kauboyi ankamuyankhulitsa Chichewa, wakuba Chishona, hatchi Chilapalapa cha akapitawo a pamgodi. Nthawi zina woonetsa uja ankasokoneza matepi, munthu amene anafa kale n'kutulukiranso ali bwinobwino. Mnyamatayo sankasowa chonena, ankati ameneyu kwawo kuli sing'anga wamphamvu. Komboni yonse inkagwa ndi phwete. Bambo anga ankati mwamuna wolongolola chotero sangadyetse mkazi. Wandidyetsa mpaka lero.

Loweruka lotsatira ndinapempha mwana wanga kuti andipezere mafilimu akale aja, a mahatchi ndi zipewa zazikulu. Sanakondwe. Anati iye anawaonapo pa foni, ndipo munthu wakuda akaonekamo amakhala atasenza katundu kapena akutsegulira mzungu chitseko. Anati anthu ovala nthenga aja, amene ankawomberedwa ngati mbalame, ndiwo anali eni dziko, ndipo ife tinkaombera m'manja olanda malo a anzawo, tili m'komboni ya mwini wake. Ananena zoona. Tinkaomberadi m'manja. Palibe anatiuza, ndipo ifenso sitinafunse.

"Mwanangu," ndinatero, "sindikuti ndi abwino. Ndikuti bambo ako amawadziwa. Ndipezere."

Anang'ung'udza, koma ndi mwana womvera. Anabwera nawo.

Tsiku loyamba amuna anga sanatseke maso. Hatchi zitayamba kuthamanga, phazi lawo lamanzere linayamba kugunda pansi. Koma sabata yonse inatha ali kungoonera, pakamwa pali potseka. Ndinkagwada m'chipinda n'kufunsa kuti Ambuye, chasowa n'chiyani? Yankho linandipeza ndikutsuka mbale. Ku komboni kuja chimkuzamawu chinali chakufa. Mnyamata uja ankayankhula chifukwa panalibe wina woyankhula.

Masana amenewo ndinatenga rimoti n'kutsitsa mawu mpaka zii. Anandiyang'ana. Ndinakhala pa mpando wanga n'kuyamba kufotokoza ndekha zimene zikuchitika. Ine luso limeneli ndilibe, ndinkangoti uyu wakwera hatchi, uyu watsika. Iwo ankangogwedeza mutu. Ndinaona kuti ndikamanena zoona alibe chowonjezera.

Apa ndi pamene ndinaganiza zonama. Sindinazitenge mopepuka, ine ndimavala yunifolomu ya amayi a mpingo Lachinayi lililonse. Ndinagwada n'kunena kuti Ambuye, Inu mukuona mtima, bodza limeneli si lobera munthu, mundikhululukiretu.

Ubwino wa mafilimu akale ndi wakuti safulumira. Munthu woipa amavala chipewa chakuda kuti usavutike kumufunafuna, ndipo akamazembera mnzake kuseri kwa mwala amayenda pang'onopang'ono, kamera ili pa iye osasuntha, mpaka woonera amapeza nthawi yochenjeza. Pamenepo ndi pamene ndinkalowetsa bodza langa. Ndinkati uyu wa chipewa chakudayu ndi mlamu wake, wabwera kudzamupatsa moni. Akasolola mfuti ndinkati akufuna amuonetse imene wagula kumene. Amuna anga anayamba kupuma mwamphamvu. Tsiku lachiwiri anagunda ndodo pansi. Lachitatu anandigenda ndi khushoni, ndi dzanja lamanzere, n'kundiphonya.

Loweruka mwana wanga anatipeza tili pakati pa zimenezi. Anaona nkhope ya bambo ake itafiira, mitsempha ya m'khosi itatuluka, ndipo anandilanda rimoti. Anandiyankhula mwa Chishona chothamanga chimene amayankhula akakwiya. Anati ndikuzunza wodwala, BP ikakwera agwanso kachiwiri, ndipo ulendo uno sadzuka. Anati ndiwasiye apume, ngati Mulungu walola kuti akhale chete, akhale chete mwamtendere.

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa nanenso mantha amenewo ndinali nawo. Usiku umenewo sindinadye sadza, nsima ya kuno. Koma Lolemba m'mawa ndinakwera kombi kupita kuchipatala, n'kudikira pa benchi mpaka mayi uja atapeza mpata. Ndinamuuza zonse, ndi za khushoni zomwe. Anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenako anandifunsa ngati akumwa mapiritsi awo osadumphitsa, n'kunena kuti ndisapitirire theka la ola, ndipo ndikaona atopa ndisiye. Koma anati ndisaleke. Ndinamuimbira foni mwana wanga ndili pageti pomwepo, n'kumuuza kuti rimoti ndi yanga mpaka bambo ake atandiletsa ndi pakamwa pawo.

Zinachitika Lachisanu la sabata yomweyo. Kunali kotentha, zitseko zili zotsegula. Pa TV munthu wa chipewa chakuda anali akumasula hatchi ya mnzake pa mtengo, akuyang'ana uku ndi uku. Ndinati taonani chifundo chake bamboyu, waona kuti hatchi ili ndi ludzu, akukaimwetsa madzi. Ndinamva sofa ikulira. Milomo yawo inali ikunjenjemera, mbali imodzi ikukana. Sindinawathandize. Ndinagwira mpando wanga ndi manja awiri kuti ndisawathandize.

"Bo... bodza."

Mawu ake anali okhakhala ngati chitseko chimene chakhala nthawi chisanatsegulidwe. Ndinafuna kulira, ndinafuna kugwada pomwepo, koma ndinadziwa kuti ndikatero achita manyazi n'kutsekanso. Ndinayang'anabe pa TV.

"Bodza bwanji, bambo? Nanga ameneyu ndani?"

Panapita nthawi. Hatchi inali itapita kale.

"Mbava," anatero.

Ndinati ndikukatenga madzi, n'kukalirira kukhitchini. Zaka zonse za ukwati wathu sananditchulepo wabodza, ndipo tsiku limene anatero ndinathokoza Mulungu mpaka mawondo kuwawa.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kusankha mafilimu ngati mmene ndimasankhira nyemba. Akale a karate ndi othandiza, ngakhale ndi opusa, chifukwa anthu khumi amazungulira munthu mmodzi n'kumadikirana kuti amenyedwe mmodzimmodzi. Kudikirako ndiko kumapatsa bambo mpata wonena kuti "uyo" kapena "wagwa". Akale oseketsa, a anthu oterereka ndi kugwera m'migolo, amawaseketsa, ndipo ndaona kuti akaseka mawu amatuluka mosavuta. Akale achikondi ndinawachotsa, mkazi wake ntchito n'kukomoka ndi kudikira pawindo, ngati alibe zochapa. Oopsa aja, a mizukwa, akale kaya atsopano, m'nyumba mwanga salowa.

Koma mwana wanga nayenso anapambana pake. Loweruka lina anakhala pafupi ndi bambo ake akuonera pa foni filimu yatsopano yopangidwa ku Malawi. Chithunzi chake chinkagwedera, ndipo pena tambala wa pafupi ankamveka kuposa anthu. Mwachizolowezi ndinati atsitse mawu. Amuna anga anakweza dzanja kundiletsa, n'kuloza khutu lawo. Iwo anabadwira kuno, kwawo kwa bambo awo sanapondeko, ndipo aka kanali koyamba kuona anthu pa filimu akuyankhula Chichewa chawochawo, popanda wowayankhulira pa mgolo. Mayi wina mufilimumo anafunsa mlendo ngati wayenda bwino, ndipo ndinamva bambo akuyankha chapansipansi kuti ndayenda bwino. Mwana wanga anandiyang'ana ndi diso loti mwaona, Mhamha? Ndinaona. Akale aja amawasiyira malo oti ayankhule, koma mawu oti aikemo akuwatola mu atsopanowa, ndipo mulibe wakuda wotsegulira wina chitseko.

Tsopano timachita zonse ziwiri. Pakati pa sabata ndi bayisikopo yanga yopanda mawu, Loweruka ndi ya mwana wanga ya mawu. Sindinganene kuti achira. Dzanja likadali lende, ndipo mawu ena amawafunafuna mpaka thukuta, osawapeza. Pemphero la pa chakudya ndimatsogolerabe ine, koma Ameni ndi wawo, ndipo timadikira mpaka atuluke, ngakhale sadza izizire.

Anazindikira kalekale kuti ndimanama dala. Masiku ano ndikayamba amandiyang'ana cham'mbali, mbali yabwino ya pakamwa ikumwetulira, koma samandilekerera. Ine ndawauza kuti sindisiya mpaka tsiku limene adzafotokozere adzukulu filimu yonse okha, kuyambira poyamba mpaka pothera, hatchi ikuyankhula Chilapalapa. Mgolo ndaupeza kale, uli kuseri kwa nyumba. Lero dzuwa lawala bwino, batire idzadza msanga. Bodza la lero ndakonza kale: ndikawauza kuti hatchi yoyera ija ndi bulu wa kumidzi ya ku Muzvezve.