Ndinagonthetsa mng'ono wanga pa ukwati wa ku Mkanda

Mng'ono wanga samva bwino lero, ndipo amene anamugonthetsa ndine. Sindinamumenye khofi, sindinamulodze. Ndinangopotokola kabatani ndi zala ziwiri, ndili wokwiya, nyimbo ili mkati. Inu owerenga, makamaka inu oimba m'mabandi ndi m'makwaya, mundimvetsere bwino, chifukwa zida zimene zinandizunguza mutu ine zayamba kale kulowa m'maholo ndi m'matchalitchi mwanu.

Ndine munthu wa mtima wapachala. Izi sindibisa, ndipo pa boma la Mchinji pano aliyense amene anagwirapo nane ntchito angakuuzeni. Ndinali ndi bandi yanga yoimba m'maukwati ndi m'zinkhoswe, kuyambira pa boma pano mpaka ku Mkanda ndi kwa Zulu, nthawi zina kuwolokera ku Mwami. Ine ndinkaimba gitala ndi kutsogolera nyimbo. Pa madiramu pankakhala mng'ono wanga Layisoni, wobadwa naye bere limodzi. Iyeyu akamaimba sankayang'ana ine, ankayang'ana mapazi a ovina. Amayi akayamba kutenthedwa, iye ankasonkhezera moto pang'onopang'ono. Nkhalamba ikalowa m'bwalo, ankabweza dzanja kuti nayonso ivineko. Anthu ankatiitana chifukwa cha iyeyo, ngakhale ine pakamwa panga sipankavomera.

Mavuto anayamba nditapita ku Chipata n'kuonera bandi ina ya kumeneko. Pa siteji panali anthu ochepa, koma phokoso lake ngati khamu. Malipenga ankalira popanda woliza, atsikana ankavomera nyimbo koma osaoneka. Aliyense anali ndi kawaya kotsika kuseri kwa khutu. Nditafunsa anandifotokozera kuti malipengawo ndi mawu a atsikanawo n'zojambuliratu, zimachokera mu laputopu. Kuti oimba amoyo ayende limodzi ndi laputopuyo, amavala timahedifoni tolowa m'kati mwa khutu, momwe amamva zida zonse pamodzi ndi kakugogoda kakuti ti, ti, ti, kosunga liwiro la nyimbo. Kameneka amakatcha kiliki, ndipo anthu oonera sakamva.

Ndinabwerera kumudzi mtima uli dyokodyoko. Sipanapite nthawi, ndinakagula zonse. Wogulitsa zidazo anandiuza kuti pali kabokosi kena kotchedwa limita, kamene kamagwira phokoso ladzidzidzi lisanafike m'khutu la munthu. Ine ndinamuyankha kuti amalonda nonse ndinu amodzi, mukufuna ndigule sitolo yonse. Kabokosiko ndinakasiya. Ka Fomu 4 kanga kankandinamiza kuti popeza ndimatha kuwerenga Chingerezi cha pa katoni, palibe angandiuze kanthu.

Mikisa, chida chosakanizira mawu, ndinaiika pambali panga, pafupi ndi dzanja langa lamanja. Woimba aliyense anali ndi batani lake pamenepo, lokweza kapena kutsitsa zonse zolowa m'makutu mwake, koma wogwira mabataniwo ndinali ine ndekha. Ndinalinso ndi maiki ina yapadera, imene mawu ake sankapita ku masipika koma m'makutu mwa anzangawo basi. Inu owerenga, munthu waukali osamupatsa chinthu chotere. Anthu oonera ankaona ine ndikumwetulira n'kuweramira pa maiki ija ngati ndikupuma, osadziwa kuti ndikutukwana. Wa gitala ya besi ndinkamufunsa ngati zala anazisiya kwa amake. Wa kiyibodi ndinkamutcha mbuzi. Onse ankangomeza, akumwetuliranso, chifukwa pamaso pa anthu ungayankhe bwanji?

Layisoni ndiye sanagwirizane nazo kuchokera pa tsiku loyamba. Anandiuza kuti, “Achimwene, kachinthu kanuka sikaona anthu. Ine ndimaimbira miyendo, osati wotchi.” Anadandaulanso kuti tikamaliza kuimba makutu ankamulira mpaka m'mawa. Ndinamuuza kuti ndi ulesi wa munthu wosafuna kuphunzira zatsopano. Atayamba kumachotsa kahedifoni kamodzi kuti azimvako anthu, ndinamuopseza kuti akadzachotsanso ndidzapeza woimba madiramu wina, abale kapena ayi. Iye ali ndi ana, ndipo bandiyo ndiyo inali khasu lake. Anabwezera kahedifoni kaja m'khutu, osachotsanso.

Tsiku limene ndikunenali linali Loweruka m'chilimwe, fodya atagulitsidwa. Tinaitanidwa ku Mkanda pa ukwati wa mwana wamkazi wa mlimi wina wa fodya. Madyerero anachitikira pa bwalo la sukulu, m'matenti, dzuwa likuswa mtengo, magetsi tikutenga ku jenereta. Mukudziwa mmene perekaniperekani amayendera. Woyendetsa mwambo amaitana gulu, gululo limabwera likuvina n'kumaponya ndalama m'lichero, ndipo nyimbo siitha mpaka womaliza ataponya. Kale zimenezi Layisoni ankazidziwa ngati phala la m'mawa. Koma laputopu sidziwa kuti pa mzere patsala anthu angati, kapena kuti akuvina motani.

Ataitanidwa akuchikazi, kunadzuka chigulu cha amayi ochokera kumudzi kwa mayi wa mkwatibwi, atavala zitenje zofanana. Amayi amenewa anabwera ndi moto wawowawo. Ankaomba m'manja mothamanga kuposa nyimbo yathu, nthungululu zili pakamwa, fumbi lili koboo. Layisoni anawayang'ana mapazi, ndipo manja ake anachita zimene anazolowera kuyambira ubwana, anawatsatira. Anasiya kiliki m'mbuyo. Posakhalitsa malipenga a mu laputopu analowa pamalo polakwika, ndipo atsikana ojambulidwa aja anavomera ine ndisanayambitse n'komwe. Anyamata ena amene anaima pafupi ndi sipika anayamba kuseka. Mmodzi anakuwa kuti, “Akulu, atsikana akuimbawo mwawabisa m'thumba la gitala?” Anthu a m'tenti yapafupi anafa nazo nseko.

Magazi anandithamangira kumutu. Ndinaweramira pa maiki yanga ija n'kunena kuti, “Bwerera pa kiliki, chitsiru iwe.” Sanabwerere. Mwina sanandimve chifukwa cha madiramu ake omwe, mwina mtima wake unali kwa amayi aja. Pamenepo ndinatambasula dzanja, n'kugwira batani lake, n'kulipotokola mpaka pamene limathera.

Ndinamuona akudzidzimuka, mapewa atakwera. Anandiyang'ana maso atatsinzina pang'ono, n'kupukusa mutu kundipempha. Manja onse awiri anali ndi timitengo, ndipo kuchotsa kahedifoni ndinali nditamuletsa ndine. Anabwerera pa kiliki, nyimbo inawongoka. Ine mumtima ndinati waona, umafuna zomwezi. Ndikanatha kutsitsa nthawi yomweyo, koma ndinalisiya pomwepo batanilo kuti aphunzire.

Woyendetsa mwambo anali bambo wina wansangala, wokonda kuyendayenda uku akuyankhula. Pofuna kuitana akuchimuna, anadutsa kutsogolo kwenikweni kwa sipika, maiki ili m'manja. Amene munakhalapo pa misonkhano mukulidziwa phokoso limene limatuluka zikatero, kulira kwa tswiii kobaya ngati singano. Anthu anagwira makutu, makanda analira. Ine amene batani langa linali pansi ndinamva kuwawa mpaka m'mano. Ndiye taganizani za munthu amene batani lake linali kumapeto, makutu onse awiri atatsekeredwa, phokosolo lilibe kothawira koma m'mutu mwake.

Timitengo tinagwa. Layisoni anagwa chagada pa mpando wake akuzula mawaya m'makutu. Laputopu inapitiriza yokha, malipenga akulira, atsikana akuvomera, madiramu kulibe.

Tsopano mumve chimene chimandidya usana ndi usiku. Chinthu choyamba chimene ndinachita sichinali kuthamangira m'bale wanga. Ndinabweza batani lija msangamsanga wina asanaone. Kenako ndinalumphira woyendetsa mwambo uja, n'kumugwira pakhosi pa malaya, n'kumulalatira pamaso pa akwati ndi makolo awo kuti wapha m'bale wanga ndi umbuli wake. Anthu anachita kutilanditsa. Aliyense pa bwalopo anapita kwawo akudziwa kuti wolakwa ndi bambo uja.

Layisoni ndinakamupeza kuseri kwa tenti atakhala pa thumba la mawaya, mutu uli m'manja. Ndinamuyankhula, iye n'kungondiyang'ana pakamwa. Kenako anati, “Achimwene, mukuyankhula? M'mutu muno mwadzaza nyenje.” Ndinamuuza ndi manja kuti zitha, apume. Ukwatiwo tinaumaliza ndi madiramu a mu laputopu, ndipo anthu anavinabe.

Mkazi wake, mlamu wanga, anandipempha Lolemba lake kuti timutengere ku chipatala. Ndinakana. Ndinati makutu a woimba amatero, akagona kawiri katatu zimatha zokha. Choonadi n'chakuti ndinkaopa kuti adokotala afunsa mafunso. Loweruka lotsatira ndinamukokeranso ku chinkhoswe china, n'kumuvekanso timahedifoni tomwe tija. Anaimba ngati munthu woyenda mu mdima, kuphonya apa, kuphonya apo, misozi ikutsika yokha ndi ululu. Pamenepo mlamu wanga sanandifunsenso. Anamutenga yekha kupita naye ku chipatala cha pa boma, komwe anawatumiza ku Lilongwe. Kumeneko anawauza kuti khutu lamanja linafa, lamanzere latsala pang'ono, ndipo chimene chawonongeka m'katimo sichimeranso. Anawafunsanso chifukwa chimene anachedwera kubwera. Mlamu wanga anangondifotokozera zimenezi ataima pakhomo, osakhala pansi.

Lero Layisoni ali kumudzi kwathu kwa Zulu, akulima mtedza. Madiramu ake ali m'matumba a fetereza pamwamba pa denga la m'kati. Ku ukwati sapita. Ku tchalitchi kwaya ikayatsa masipika amatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo, chifukwa khutu lotsalalo phokoso limalibaya. Nyenje zija sizinasiye kulira, moti tulo amachita kupempha. Ana ake akafuna kumuyankhula amayamba amugwira pa phewa. Bandi inatha. Wa besi ndi wa kiyibodi anachoka mwezi womwewo, ndipo wa besi anandiuza maso ndi maso kuti ankapirira mwano wanga chifukwa cha Layisoni basi.

Bambo woyendetsa mwambo uja mbiri inamuipira, anthu anasiya kumuitana m'maukwati. Tsiku lina anapalasa njinga kuchokera ku Mkanda mpaka kwa Zulu, tambala atamumangirira pa kaliyala, kudzapepesa. Anagwada pa bwalo la mng'ono wanga, munthu wamkulu ndi imvi zake. Ine monga mkulu wa banja ndinakhala pa mpando, n'kulandira tambalayo ndi manja angawa, n'kumuuza kuti takhululuka koma asadzayambirenso. Ndiwo imeneyo ndinadya nawo.

Kodi Layisoni akudziwa? Anandiyang'ana nthawi imene ndinkapotokola batani, ndiye sindikhulupirira kuti sadziwa. Koma sananenepo kanthu, kwa ine kapena kwa mkazi wake. Ndikapita amandilandira, amandipatsa mpando, amatuma mwana kukandithyolera nzimbe. Akananditukwana, mwina ndikanapeza pogwira.

Nthawi yokolola yapitayi ndinalimba mtima. Ndinamupeza kumunda akuthothola mtedza, mkazi wake ndi ana ali chapafupi pa mulu wina. Ndinakhala pambali pake n'kunena motsitsa kuti, “Layisoni, batani lija ndinakweza ndine.” Sanatembenuke. Ndinali nditakhala kumanja kwake, ku khutu lakufa lija. Ndinadzuka, n'kuzungulira kumanzere, n'kubwereza. Anatembenuza mutu n'kuti, “Mwati bwanji, achimwene? Kwezani mawu.” Ndinayang'ana mlamu wanga, ndinayang'ana ana aja. Kuti amve, ndinayenera kukuwa, munda wonse umve. Ine amene ndakuwira anthu moyo wanga wonse, mawu amenewo ndinalephera kuwakuwa. Ndinakuwa kuti mtedza wabereka bwino chaka chino. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, “Eya, wabereka,” n'kupitiriza kuthothola.

Inu owerenga, sindikunena kuti zida zimenezi n'zoipa. Ena akuimba nazo bwinobwino. Koma ngati mwagula timahedifoni ta m'khutu, musayatse popanda chotchinga phokoso ladzidzidzi, ngakhale wogulitsayo akuoneka wadyera. Woimba aliyense azikweza ndi kutsitsa yekha za m'khutu mwake, batani la khutu la mnzanu lisakhale m'manja mwanu, makamaka ngati mtima wanu uli ngati wanga. Mnzanu akati makutu akulira, si ulesi, pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo. Ndipo pa perekaniperekani, anthu akathamanga kuposa laputopu, zimitsani laputopuyo, woimba ng'oma atsatire anthu. Kusekedwa ndi anyamata a pa sipika kukanatha dzuwa lisanalowe.

Koposa zonse, mukalakwira m'bale wanu, muuzeni akadamva mawu apansipansi. Ine ndinadikira, ndipo tsopano kupepesa kwanga kukufunika kukuwa. Mawa ndikupitanso kwa Zulu kukamuthandiza kusenza matumba, ndipo ndikudziwa kale kuti tikakambirana za mtedza.