Madzi Amene Anatunga Apongozi

Gudumu lija ndinaliumba ndekha, ndipo aliyense wofika pachigayo changa ankayamba wamva kaye mbiri yake asanathire mpunga. Ndinali munthu wodzitama, sindikana.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangotha chaka kuchikamwini, kwa Kuntumanji. Kwathu ndi ku Kachulu, komwe ndinkawotcherera njinga ndi kukonza mainjini. Apongozi anga aakazi, mayi wamasiye wosachulutsa mawu, anandipatsa malo kumapeto kwa bwalo lawo kuti ndimangepo kachigayo ka mpunga. Injini yake inali yakale, yomwe wina ankapopera madzi ku Likangala, ndipo inali ndi khalidwe loipa. Ukathira mpunga wambiri inkabanika, ukachepetsa inkathamanga ngati yapenga. Lamba ankangovuka, mpunga n'kumatuluka msere wokhawokha, azimayi n'kumandinena ndili pomwepo.

Mankhwala ake ndinkawadziwa. Pankafunika gudumu lolemera pashafuti, lija amakaniko amati fulayiwilo. Injini ikathamanga, ilo limasunga mphamvuyo. Injini ikafooka, ilo limabweza, ndiye makina amayenda mofanana. Lachitsulo ndinalisowa, choncho ndinaganiza zoumba lasimenti. Ndinalijambula pansi ndi kamtengo: pakati limu yakale ya galimoto, kuchoka apo tizitsulo totuluka mbali zonse, kenako waya wozungulira kangapo. Kulemera konse ndinakuika m'mphepete, chifukwa kulemera kwa pakati n'katundu chabe, sikukankha kanthu.

Tsiku loumba kunali dzuwa la Okutobala, mjigo utafa, mkazi wanga ali kudimba. Ndikumangirira zigubu panjinga kuti ndikatunge kumtsinje, ndinangoona apongozi akubwera ndi ndowa pamutu. Anaitula chapatali, pafupi ndi ina imene anali atabweretsa kale ine osaona. Anali atatunga pachitsime cha kudambo, kufupi ndi nyanja, chomwe madzi ake sopo sachita thovu.

Kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso, ndipo salankhulana maso ndi maso. Mawu amadzera mwa munthu wina. Winayo akasowa, mumangolankhula ngati alipo. Iwo anayang'ana mtengo wa mango n'kunena kuti, "Auzeni bambowo kuti madzi ndi awa."

Ine ndinanjuta, maso pansi. "Auzeni kuti tathokoza kwambiri."

Atatembenuka ndinaviika chala n'kulawa. Mchere. Ndinkadziwa bwino kuti mchere ukalowa m'simenti umadya chitsulo m'kati mwakachetechete. Koma mayi wamkulu wayenda maulendo awiri padzuwa loswa mtengo chifukwa cha ine, ndiye nditaye madzi ake iye ali pakhonde akuona? Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo ine sindinkafuna kupatsa anthu poyambira. Ndinakandira simenti madzi omwewo.

Litauma ndinalikweza pashafuti n'kumalizunguza ndi dzanja. Mbali yolemera inkatsikira pansi, ine n'kuisema pang'ono, mpaka linayamba kuima paliponse pomwe ndalisiya. Nditaliza injini, mawu ake anasalala. Mpunga unatuluka wathunthu, woyera, ndipo azimayi aja anasiya kundinena.

Apongozi nawo anapeza malo. Tsiku lililonse ankayala mphasa m'kati mwa chigayo, m'mbali mwa khoma, pomwe panali mthunzi, n'kumapeta madeya kufuna msere wa nkhuku zawo. Malowo anali moyang'anizana ndi gudumu, mapazi atatu okha. Chilichonse chothothoka pagudumupo chikanafikira pamutu pawo.

Mvula itatha ndinaona kaufa koyera m'mphepete mwa gudumu, konga kamene kamatsala padothi nyanja ikaphwa. Ndinakapukuta. Patapita masiku kanabweranso, ndipo pambali pake panatsika mzere wofiirira wa dzimbiri. Kenako mng'alu, wochepa ngati tsitsi. Ndinaumata ndi simenti n'kudziuza kuti ndi wapamwamba chabe. Kuyambira pamenepo ndinkachita mantha nthawi iliyonse ndikagwira chingwe cholizira injini.

Ndinauza mkazi wanga kuti, "Uwauze amayi asamakhale pamene paja. Pali fumbi."

Fumbi! Ndinali wamantha ine. Kunena zoona kukanatanthauza kunena kuti madzi awo ndiwo aononga gudumu, ndiponso kuti ine ndinadziwa. Yankho linabwera madzulo omwewo: "Akuti fumbi la mpunga anabadwira momwemo, musawadere nkhawa."

Ndikanatha kuimitsa chigayo. Koma inali nthawi yokolola, matumba atandanda mpaka kumsewu, ndipo ndinkati ndiumba lina anthu akachepa. Mng'alu uja unatulukiranso pansi pa simenti yomwe ndinamata, tsopano wolowa chikhadabo.

Tsiku lina masana, chigayo chili chodzaza, mawu anasintha. Panayamba kugunda kwina pansi pa phokoso la injini, ndipo malata a denga anayamba kunjenjemera. Kenako ndinamva kuti tha! Kachidutswa konga chala chachikulu kanamenya khoma, pamwamba penipeni pa mpango wa apongozi. Iwo anangosasa fumbi paphewa n'kupitiriza kupeta.

Ndinathimitsa injini, lamba n'kuvuka. Injini inakhala chete, koma gudumu ayi. Linkazungulirabe ndi liwiro lomwe lija, likugwedeza shafuti, chifukwa ndi ntchito imene ndinalipangira: kusaima msanga.

"Auzeni achoke!" ndinakuwa.

Azimayi anayang'anana, osadziwa kuti ndikunena ndani. Apongozi atamva mawu anga anatembenuzira nkhope kukhoma, monga mwa ulemu wake.

Ndinalumpha matumba, ndinawagwira m'khwapa ndi manja onse awiri, n'kuwakokera panja. Lichero linagubuduka, mpango unagwa, imvi zawo zinaonekera pagulu. Anali opepuka kwambiri. Wina anakuwa kuti, "Malodza! Mkamwini kugwira apongozi?"

M'katimo gudumu linachepetsa liwiro pang'onopang'ono, mpaka linaima. Lathunthu. Anthu onse ankangoona mkamwini wamisala ndi mayi wamkulu ali pansi padzuwa. Mkazi wanga anafika akuthamanga, ndipo mmene anandiyang'anira sindidzaiwala.

Ndinabwerera m'chigayo. Ndinatenga hamala n'kumenya gudumu kamodzi kokha, osati mwamphamvu. Chibenthu chachikulu ngati mutu wa munthu chinagwa n'kugubudukira pamphasa paja. Waya wa m'kati anali atadyeka, wofiira, woduka paliponse. Phokoso la azimayi linatha.

Apongozi anadzuka okha. Anavala mpango wawo bwinobwino, analowa m'chigayo, anatola kachidutswa n'kukagunditsa palilime. Mchere uja anaumva. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chikwatirireni mwana wawo.

"Munadziwa liti, bambo?"

"Tsiku lomwe lija, amayi."

Anayang'ana chibenthu chija pamphasa pawo, n'kuyang'ananso ine.

"Ndiye miyezi yonseyi ine ndakhala pansi pa chimenechi, inu mukundipatsa ulemu?"

Panalibe munthu woti ndimutume akawayankhe.